Mpikisano Watsegulidwa: Nanga Wolemba m'Chichewa Alowera Khomo Liti?

Pa 1 Seputembala chaka chilichonse, bungwe la Commonwealth Foundation la ku London limatsegula mpikisano wake wa nkhani zazifupi, ndipo pa 1 Novembala limatseka. Kulowa ndi ulere. Chofunika n'chakuti munthu akhale nzika ya dziko la mu Commonwealth, akhale atakwanitsa zaka 18, ndipo nkhani yake ikhale yopeka, yoti sinasindikizidwepo kwina, ya mawu osachepera 2,000 komanso osapitirira 5,000. Mayiko adawagawa m'zigawo zisanu, ndipo Africa ndi chigawo pachokha. Wopambana m'chigawo amatenga mapaundi 2,500, wopambana onse amatenga mapaundi 5,000, ndipo nkhani zisanu za m'zigawozo zakhala zikutuluka kudzera m'magazini ya Granta, komwe osindikiza mabuku akuluakulu amasuzumirako posaka alembi atsopano.

Inu amene mumalandira malipiro mwezi ndi mwezi m'dzina la chikhalidwe, maphunziro ndi ziyankhulo, kodi masiku awiriwa mumawadziwa? Alipo pa kalendala ya mu ofesi mwanu? M'miyezi iwiri imene khomo limakhala lotsegula, mumachitapo chiyani? Mudalengezapo pa wailesi monga mumalengezera tsiku la mayeso? Mudatumizapo kalata ku makoleji a aphunzitsi, ku malaibulale a m'maboma, ku makalabu a alembi a m'masukulu? Kapena nanunso mumangomva mpikisano utatha, mukaona chithunzi cha Mnaijeriya akumwetulira m'nyuzipepala?

Mpikisanowu udayamba mu 2012. Kuchokera chaka chimenecho mpaka 2025, mphotho ya chigawo cha Africa yaperekedwa maulendo 14. Nigeria yatenga kasanu, South Africa katatu, Uganda kawiri. Namibia yatengako, Mauritius yatengako. Mu 2019 adapambana Mbozi Haimbe wa ku Zambia, kungodutsa Mchinji pompa. Mu 2022 Ntsika Kota wa ku Eswatini adapambana Africa, n'kupambananso zigawo zonse zisanu, chonsecho dziko la kwawo lili ndi anthu osakwana 2 miliyoni. Ife kalembera wa 2018 adatipeza titaposa 17 miliyoni. Dzina la Malawi pa mndandanda wa opambanawo mulibe.

Musatiuze kuti mpikisano ndi mwayi. Tikudziwa kuti nkhani zimalowa zochuluka, mu 2024 zidaposa 7,000, ndipo oweruza ndi anthu, aliyense ndi zokonda zake. Kugwa chaka chimodzi tingati ndi tsoka, kugwa kawiri tingati sidali nthawi yathu. Koma mlimi amene wakolola madeya zaka 14 zotsatizana, anzake a m'malire akudzaza nkhokwe, samangonena za mvula. Amayang'ana mbewu yake, khasu lake ndi nthawi imene amadzalira.

Tiyambe ndi chiyankhulo. Malamulo a mpikisanowu amalola kutumiza nkhani m'Chingerezi, komanso m'ziyankhulo zina zingapo popanda kumasulira. Pali Chifalansa, Chipwitikizi, Chigiriki, Chitchaina, Chibengali, Chiswahili, ndiponso ziyankhulo za ku Malta ndi ku Samoa. Anthu onse a ku Samoa, kapena onse a ku Malta, sakwana chiwerengero cha anthu a mumzinda wa Blantyre wokha. Chichewa, chimene chimamveka m'misika ya Lilongwe, Chipata, Lusaka ndi Tete, pa mndandandawo palibe. Mnyanja wa ku Angónia akhoza kulowa m'Chipwitikizi, poti Mozambique idalowa mu Commonwealth mu 1995, koma m'chiyankhulo chimene amayi ake adamuyimbira pomugoneka sangalowe. Mchewa wa ku Zimbabwe ndiye watsekeredwa kawiri: malamulo a dziko lake a 2013 amachitchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma dzikolo lidatuluka mu Commonwealth mu 2003.

Inu a Commonwealth Foundation, mudagwiritsa muyeso wanji? Ngati ndi kuchuluka kwa oyankhula, Samoa adalowa bwanji ife n'kutsala? Ngati ndi mbiri ya zolembalemba, mudafunsa yani za mbiri yathu? Pa ziyankhulo za makolo athu kuno ku Africa mudatolapo Chiswahili chokha. Chihausa chili kuti? Chiyoruba? Chizulu? Kapena mukuona kuti chigawo chonse chaimiriridwa mukangokhazika m'modzi pa mpando?

Koma tisachedwe ku London, chifukwa mlandu waukulu uli kunyumba. Ziyankhulo zimene zili pa mndandandawo sizidagwe kumwamba, ndipo safunsa adadya phula. Inu a ku unduna woona za chikhalidwe, mudalembapo kalata yopempha kuti Chichewa chiwonjezedwe? Ngati mudalemba, idapita liti, ndipo yankho lake lili mu kabati iti? Ngati adakana, adapereka chifukwa chanji? Ngati adati akusowa anthu odziwa kuwerenga ndi kusefa nkhani za m'Chichewa, mudawapatsa mayina angati? Malawi wakhala mu Commonwealth kuyambira 1964. Nthumwi zathu zimapita ku misonkhano yake, zimagona m'mahotela, zimalandira maalawansi. Mwa onsewo, ndani adaimikapo dzanja n'kufunsa za chiyankhulo cha anthu amene adamulipirira tikiti?

Ndiponso khomo lina lilipo, ngakhale n'lopapatiza. Nkhani yolembedwa m'chiyankhulo chilichonse imaloledwa ngati yamasuliridwa m'Chingerezi. Wina asaganize kuti limeneli ndi khomo la chifundo chabe, lolowera anthu oti sangapambane. Mu 2019, chaka chomwecho cha Mbozi Haimbe, mphotho yaikulu idapita kwa Constantia Soteriou wa ku Cyprus, amene adalemba nkhani yake m'Chigiriki, ndipo Lina Protopapa adaimasulira. Nkhani yomasuliridwa idagonjetsa nkhani zonse za anthu obadwa ndi Chingerezi m'kamwa. Ndiye funso n'losavuta: Lina Protopapa wathu ndani? Amakhala kuti? Adaphunzira kuti ntchito imeneyi, ndipo amamulipira ndani?

Chowawa n'chakuti zimenezi tidazichitapo kale. Mu 1933, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Nthara, adapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London lomwelo. Sadalembe m'Chingerezi. Adalemba Nthondo m'chiyankhulo chake, ndipo mpikisanowo udali wolandira zolembedwa m'ziyankhulo za mu Africa. Chaka chotsatira, 1934, m'busa wa ku Scotland, T. Cullen Young, adalimasulira bukulo ndipo lidatuluka ku London ndi mutu wakuti Man of Africa, mawu otsogolera atalemba Julian Huxley. Kudalibe intaneti, kudalibe foni ya m'manja, kalata inkayenda pa sitima ya pamadzi milungu ingapo. Koma mphunzitsi wa kumudzi adamva za mpikisano, adalemba, adapeza womutumizira, adapeza womumasulira.

Sitikuyamikira ulamuliro wa atsamunda. Amishoni adali ndi zolinga zawo, ankafuna mabuku owerengetsa m'sukulu zawo, ndipo aliyense amene adawerenga Nthondo akudziwa komwe nkhaniyo imakathera. Koma manyazi ake ndi omwewo. Zikutheka bwanji kuti pansi pa mbendera ya eni ake mwana wa ku Nyasaland adali ndi njira yofikira ku mpikisano wa mayiko ambiri m'chiyankhulo chake, ndipo lero, patapita zaka zoposa 60 tikudzilamulira, njirayo idamera thengo? Bukulo mumaliphunzitsa ku sekondale, ana amaliloweza, amalembera mayeso. Kodi mumawauza kuti lidabadwira mu mpikisano? Mumawauza kuti nawonso angathe? Kapena mumangowafunsa mayina a ampangankhani, n'kuwapatsa malikisi?

Palinso china chimene ambiri adaiwala. Mu 1946 kudatuluka buku lotchedwa Our African Way of Life, lokhala ndi zolemba za Amalawi atatu, John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zimene adapikisana nazo m'mpikisano wa bungwe lomwe lija. Omasulira ndi kukonza adali awiri: Cullen Young ndi dokotala wina amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Britain, dzina lake Hastings Banda. Munthu amene adadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko lino adakhalapo pansi n'kumasulira zolemba za anzake za mpikisano kuti dziko lapansi liziwerenge. Za ulamuliro wake aliyense ali ndi mawu ake, ndipo alembi amene adalawa ndende ndi lamulo losefa mabuku la 1968 ali ndi ambiri. Koma inu amene mumatchula dzina lake pa nsanja, mumayala nkhata pa chiliza chake, ntchito iyi yokha bwanji simuitsanzira?

Mabungwe si kuti tilibe. Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1972 kudabwera Chichewa Board, ndipo mu 1996 m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies ku Zomba, imene idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wafuna. Komabe lamulo la maphunziro la 2013 lidakhazika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu. Dzanja limodzi mukutukula, dzanja lina mukupondereza. Mwana wa Sitandade 1 mukumuuza kuti nzeru zimabwera m'Chingerezi, akafika Fomu 4 mukudabwa kuti Chichewa amachilemba mopotoka, Chingerezinso amachilemba mwamantha. Ndiye mlembi wa mawa atuluke kuti? Alembe m'chiyankhulo chiti, pamene chimodzi mudamuchititsa nacho manyazi, china simudamuphunzitse mokwanira?

Omasulira alipo ambiri m'dziko muno, koma taonani komwe ntchito yawo imalowera. Amamasulira uthenga wa katemera, wa feteleza, wa chisankho, wa kasungidwe ka madzi. Zonse zimachokera m'Chingerezi kubwera kwa ife, ngati kuti ndife anthu ongouzidwa. Benedicto Wokomaatani Malunga adatibweretsera buku la Chinua Achebe m'Chichewa, nalitcha Chipasupasu, ndipo idali ntchito yotamandika. Nanga ulendo wobwerera? Mabuku a John Gwengwe, E. J. Chadza, Willie Zingani, Jolly Max Ntaba, ndi angati amene munthu wa ku Kampala kapena ku Accra angawapeze m'chiyankhulo chimene amamva? Mlatho wathu magalimoto amangodutsa mbali imodzi.

Ndipo kumasulira nkhani yopeka si kumasulira chikalata cha msonkhano. Tengani mawu akuti sindidzakuiwala. Kwa ife ndi liwu limodzi, m'Chingerezi ndi mawu asanu. Choncho nkhani imene m'Chichewa yakwana bwino m'malire a mpikisano ikhoza kusefukira ikawoloka, ndipo wina ayenera kudziwa podula popanda kupha nkhani. Nanga mlembi akalemba kuti m'nyumba mudangoti zii, kapena kuti mkamwini adangoti kukamwa yasa, womasulira atani? Mpongozi akamayankhula ndi mkamwini wake momuzungulira, mwaulemu wobaya, Chingerezi chimene chimaitana mfumu ndi mwana ndi liwu limodzimodzi chinyamula bwanji ulemu umenewo? Ili ndi luso lofuna zaka, lofuna munthu wokonda ziyankhulo zonse ziwiri. Ndi yunivesite iti mwa zathu imene ikusula anthu otere? Chaka chatha adatuluka angati? Ali kuti lero?

Tikudziwa yankho limene lafala masiku ano: makina alipo, mlembi angoponya nkhani yake mu foni, imasuliridwe. Yesani. Ponyanimo ndime ya maliro a kumudzi, pamene adzukulu akuseka kumanda, azimayi akulira mosinthana, mwini mbumba akuyankhula mophiphiritsa za amene akumuganizira. Chimene chitulukemo chikhoza kukhala ndi galamala yabwino, koma oweruza akachiwerenga adzamva nsima ya dzulo.

Kenako mudzati ndalama palibe. Mu 2014, Mukoma wa Ngugi ndi Lizzy Attree adayambitsa mphotho ya zolemba za m'Chiswahili, ndipo amene adaika ndalama pamodzi ndi yunivesite ya Cornell idali kampani ya ku Kenya yopanga malata. Malata ofolerera nyumba. Kuno kwathu makampani ali ndi ndalama za mpira, za gofu, za madansi a usiku a mabwana. Sitikudana ndi mpira. Koma ndani mwa inu adakhalapo pansi ndi mkulu wa kampani n'kumuuza kuti mtengo wa chikho chimodzi ungalipire omasulira khumi kwa chaka? Chiswahili sichidafike pomwe chili mwangozi. Tanzania idakhazikitsa bungwe lochisamalira mu 1967, SADC idachivomereza kukhala chiyankhulo chogwirira ntchito mu 2019, ndipo UNESCO idachipatsa tsiku lakelake, 7 Julaye. Eni ake adachiyendera, adachigogodera zitseko. Chathu akuchiyendera ndani?

Inu a Malawi Writers Union, nanunso musabisale kuseri kwa boma. Mipikisano ya kunyumba mwakhala mukuchititsa, ndipo banki ya First Merchant idathandizapo kwa zaka zingapo. Zimenezo tikuyamika. Koma wopambana akalandira cheke, kujambulitsa chithunzi, n'kubwerera kwawo pa minibasi, chimatsatira n'chiyani? Pali amene amakhala naye pansi n'kuisenda nkhani yake chiganizo ndi chiganizo? Pali amene amamukumbutsa kuti Seputembala wayandikira? Mwa opambana anu onse, ndi angati amene mudawaperekeza mpaka pa khomo la mpikisano wa chigawo?

Taonani njira imene Stanley Onjezani Kenani adadutsa. Mu 2007 adakhala wachitatu pa mpikisano wa alembi a kum'mwera kwa Africa wa HSBC ndi SA PEN, womwe woweruza wake adali J. M. Coetzee. Nkhani yomweyo idamufikitsa pa mndandanda womaliza wa Caine Prize mu 2008, ndipo adafikaponso mu 2012. Caine Prize salandira nkhani kuchokera m'manja mwa mlembi: iyenera kukhala yosindikizidwa kale, ndipo wotumiza ndi wosindikizayo. Maulendo onse awiri, nkhani za Kenani zidali m'mabuku osindikizidwa ku South Africa. Luso lidali lathu, makwerero adali obwereka. Inu osindikiza mabuku a m'dziko muno, amene maso anu ali pa mabuku a silabasi okha poti ndiwo ali ndi msika wotsimikizika, mudatumizapo nkhani zingati ku Caine Prize chiyambire mu 2000? Mukudziwa kuti udindo umenewo ndi wanu?

Mudzati Amalawi sawerenga. Mawu amenewa tawamva mpaka atopetsa. Anthu omwewo amatha maola akuwerenga nkhani zopeka za m'Chichewa pa Facebook ndi pa WhatsApp, gawo ndi gawo, n'kumakalipira mlembi akachedwetsa gawo lotsatira. Amagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo kuti adziwe ngati mkazi uja wabwerera kwa mwamuna wake. Owerenga alipo, alembi alipo. Chosowa ndi mkonzi amene angauze mnyamata wolemba pa foni yosweka galasi kuti ndime zitatu zoyambirira azichotse, nkhani yake ikuyambira pa yachinayi. Mudapitako kumeneko kukasaka luso? Kapena kwa inu mlembi ndi yekhayo wovala tayi amene mumakumana naye ku hotela pa tsiku lokhazikitsa buku?

Alembi nawonso tisawasiye osawatsina khutu. Ambiri amayamba kulemba sabata yomaliza ya Okutobala, n'kutumiza usiku wa tsiku lotsekera, magetsi atazima, batire ili pafupi kutha, nkhani isanawerengedwepo ndi munthu wachiwiri. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ena amalemba zimene akuganiza kuti mzungu akufuna kumva: njala, ufiti, mwana wamasiye wolira kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ngati kuti ku Malawi kulibe munthu woseka, wansanje, wonama mwaluso, kapena wokonda molakwika. Oweruza a chigawo cha Africa ndi anthu owerenga kwambiri, ndipo nkhani yophikira alendo amaimva fungo. Koma ngakhale apa, ndani adawaphunzitsa kusiyanitsa? Gulu la alembi la ku Chancellor College limene lidayamba mu 1970, momwe mudadutsa Jack Mapanje ndi Steve Chimombo, linkakumana kuwerengerana ndi kudzudzulana pamaso, m'nthawi imene liwu limodzi likadatha kumugoneka munthu ku ndende ya Mikuyu. Lero palibe womanga munthu chifukwa cha nkhani yaifupi. Bwalo lotero lili kuti ku Mzuzu, ku Mangochi, ku Kasungu?

Ndipo ngati Chichewa, chokhala ndi mtanthauziramawu, mayeso a boma ndi mapulogalamu a pa wailesi, chaima panja chonchi, nanga wolemba m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chisena ali pati? Iye ngakhale mpanda sakuuona.

Zimene tikufunsa si nyumba yosanja. Kalata imodzi yopita ku London, yosainidwa ndi unduna pamodzi ndi anzathu a ku Zambia ndi Mozambique, yokhala ndi mayina a anthu okonzeka kuwerenga nkhani za m'Chichewa. Kagulu ka omasulira ndi akonzi kolipidwa kuyambira Juni mpaka Okutobala. Chilengezo pa wailesi m'ziyankhulo zimene anthu amamva. Chovuta pamenepa n'chiti? Chimafuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo? Chimafuna ngongole ya kunja? Chimafuna msonkhano wa masiku atatu ku nyanja?

Penapake ku Dedza kapena ku Ntchisi pali mphunzitsi wamkazi amene ali ndi nkhani m'kope la ana asukulu, yolembedwa ndi bolopeni usiku atamaliza kuchonga. Ili m'Chichewa, ndipo mwina ndi yabwino kuposa zonse zimene zidzatumizidwe chaka chino. Iye ali pomwe adali Nthara mu 1933, kungoti Nthara adali ndi womutumizira. Mayiyu akafuna kuti nkhani yake ifike ku London pasanafike pa 1 Novembala, apite ku ofesi iti? Agogode chitseko chiti? Akafunse ndani?